Chimphona chopumira pa benchi ndi chimphona chosatopa

Mu 2017 timu ya achinyamata ya South Sydney Rabbitohs, ya masewero a rugby league, inali ndi mnyamata wina dzina lake Jordan Mailata, wobadwira ku Sydney kwa makolo ochokera ku Samoa. Anali wamtali masentimita 203, ndipo pa sikelo ankapitirira makilogalamu 140. Akanyamula mpira n'kuyamba kuthamanga, anzake amsinkhu wake ankangoyoyoka m'mbali mwake. Komabe khomo la ligi yaikulu ya NRL silinamutsegukire, chifukwa thupi lotero silingathe kubwerera m'mbuyo mamita 10, kuthamangiranso kutsogolo, kugwetsa munthu, kudzuka, n'kubwereza zomwezo kwa mphindi zambirimbiri osapuma. Mailata anapita ku America, timu ya Philadelphia Eagles inamutenga mu 2018 asanasewerepo mpira wa kumeneko ngakhale kamodzi, ndipo mu Febuluwale 2025 anapambana nayo Super Bowl. Kumeneko munthu amalimbana kwa masekondi ochepa kenako n'kupuma. Thupi ndi lomwelo, koma malamulo a masewero awiriwa analiweruza mosiyana.

Anthu akamakamba za kukula kwa osewera rugby league amathamangira kutchula zakudya, majimu ndi chibadwa cha anthu. Zonsezo zilimo, koma ine ndimaona kuti mmisiri wamkulu woumba matupi amenewa ndi buku la malamulo. Pa zaka 30 zapitazi masewerowa ayendetsedwa ndi maganizo awiri otsutsana. Oyamba anali olola munthu wojintcha kutuluka, kukapuma pa benchi, n'kudzalowanso ali ndi mphamvu zatsopano. Achiwiri, amene akulamulira lero, ndi omutopetsa dala mpaka miyendo ikane. Ndikufuna kuwaika pamodzi maganizo awiriwa n'kuona chimene lililonse linabala.

Masewerowa ndi osiyana ndi rugby imene ambiri timaionera pa SuperSport Springboks ikamasewera. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 13, osati 15. Timu imene ili ndi mpira imaloledwa kugwetsedwa kasanu ndi kamodzi, ndipo ikapanda kugoletsa kapena kuumenyera kutali, imaupereka kwa anzawo. Wogwetsedwa amadzuka, kuika mpira pansi, n'kuukankhira kumbuyo ndi phazi kuti mnzake autole. Pamene akuchita zimenezo otchinga onse, kupatula awiri oima pamaso pake, ayenera kukhala atabwerera mamita 10. Moyo wonse wa masewerowa wagona pa kamphindi kameneko. Akadzuka msanga, otchinga amapezeka ali balalabalala. Akachedwa, amapeza khoma litaima kale.

Kusintha malamulo masewerowa anabadwa nako. Pa 29 Ogasiti 1895 matimu a kumpoto kwa England anakumana ku George Hotel m'tauni ya Huddersfield n'kupatukana ndi bungwe la rugby, pa mkangano woti ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale azibwezeredwa ndalama za tsiku limene ajomba chifukwa cha mpira. Popeza tsopano ankadalira ndalama za pakhomo, ankayenera kusangalatsa wolipira, ndipo mu 1906 anachotsa osewera awiri mbali iliyonse kuti bwalo litseguke. Pamene St George ya ku Sydney inatenga chikho zaka 11 zotsatizana, kuyambira 1956 mpaka 1966, mpira unkatha kukhala m'manja mwa timu imodzi nthawi yaitali popanda malire. Malire a kugwetsedwa kanayi anafika ku England mu 1966 ndi ku Sydney mu 1967, kenako anakwezedwa kufika pa 6 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Choncho eni masewerowa saona buku lawo la malamulo ngati chinthu chosakhudzika.

M'masiku amenewo, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, munthu wamkulu thupi ankadziwa kuti akalowa m'bwalo, kutuluka n'kumapeto. Olowa m'malo analipo koma ochepa, ndipo wotuluka sankabwereranso. Otchinga ankaima mamita 5 okha, moti wonyamula mpira analibe mtunda wokwanira wokolezera liwiro. Ambiri mwa osewera ankadzukira ku ntchito zina masana, mpira n'kumakonzekera madzulo. Zimphona zinalipo ndithu, monga Arthur Beetson, amene mu 1973 anakhala Mwaborijini woyamba kutsogolera timu ya dziko la Australia pa masewero alionse. Koma Beetson amakumbukika chifukwa cha manja ake, mmene ankatulutsira mpira atakanirira anthu awiri kapena atatu. Pa mamita 5 kulemera kokha sikunkagula kanthu.

Zinthu zitatu zinagwa motsatizana n'kusintha zonsezi. Mu 1993 mtunda wobwerera otchinga unakwera kufika mamita 10. Kenako kunabwera nkhondo ya ndalama za wailesi yakanema, imene inabala Super League ku Ulaya mu 1996 ndi NRL ku Australia mu 1998, ndipo osewera anasiya ntchito zina n'kumakhalira kunyamula zitsulo m'mawa ndi madzulo. Wigan inali itaonetsa kale phindu la zimenezi, pakuti inayamba msanga kulipira osewera ake kuti azingosewera mpira basi, ndipo inatenga Challenge Cup zaka 8 zotsatizana, kuyambira 1988 mpaka 1995. Chachitatu ndicho chinakhudza thupi mwachindunji: mu 1996 ligi ya ku Australia inachotsa malire pa kasinthidwe ka osewera, ndipo NRL inapitiriza zomwezo mpaka 2000. Pa benchi pankakhala anthu anayi, koma mphunzitsi ankatha kuwalowetsa ndi kuwatulutsa kangati konse kamene wafuna.

Apa ndiye panabadwira chimphona cha mphindi 15. Mphunzitsi sankafunsanso ngati munthu angathe kumaliza mphindi 80. Ankangofunsa kuti angaswe zingati pa kanthawi kamene ali m'bwalo. Wosewera pamalo a prop, amene ntchito yake ndi kunyamula mpira n'kukaomba pakati pa khoma pomwe pali pothina, ankalowa, kuthamanga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ndi mphamvu zake zonse, n'kutuluka thukuta lisanaume n'komwe, mnzake wofanana naye n'kulowa. Mlimi amene ali ndi magoli awiri a ng'ombe amalima tsiku lonse, chifukwa zina zikamakoka khasu zina zimakhala zikubzikula pamthunzi. Wa goli limodzi dzuwa likafika paliwombo amamasula. Umo ndi mmene zinalili.

Chitsanzo chimene ochemerera a ku England sachiiwala ndi Bradford Bulls ya mphunzitsi Brian Noble. Inali ndi ma prop anayi, Stuart Fielden, Paul Anderson, Joe Vagana ndi Brian McDermott, ndipo ankasinthana awiriawiri. Anzawo akati apume poti awiri oyamba atuluka, ankangoona ena awiri akuvula majekete m'mbali mwa bwalo. Mu 2001 timuyi inakwapula Wigan 37 kwa 6 pa fainolo ku Old Trafford. Patapita nthawi pang'ono inaikanso Lesley Vainikolo kuphiko, munthu woposa makilogalamu 100 pamalo amene kale ankasungira anthu opyapyala aliwiro ngati Martin Offiah. Amene amatsatira Springboks adziwa msanga nzeru imeneyi, chifukwa ndi yomwe Rassie Erasmus ndi anzake anagwiritsa ntchito mu rugby inayo podzaza benchi ndi amuna olemera, 6 mwa 8 mu 2019, kenako 7 mwa 8 pa fainolo ya 2023.

Koma chipatso chowawa kwambiri cha nyengo imeneyi sichinali kuombanako. Chinali kulimbana kwa pansi. Aphunzitsi anazindikira kuti pa mamita 10, timu imene imadzuka msanga ndiyo imapambana, choncho nzeru zonse zinapita pa kuchedwetsa wogwetsedwa. Kale munthu mmodzi ankadumphira miyendo, wonyamula mpira n'kugwa, nkhani n'kutha. Tsopano awiri ankamugwira kumtunda, kutsekereza mpira, kumuimika chilili kwa kanthawi, wachitatu n'kubwera kudzamanga miyendo. Akamagwa ankamutembenuza kuti agwe chagada, nkhope kuyang'ana kumwamba, kenako ankadzuka mmodzimmodzi, womaliza atatsamira pachifuwa pake. Masekondi awiri kapena atatu opezeka motero ndi okwanira kuti khoma libwerere n'kuima bwinobwino. Matimu analemba ntchito akatswiri a masewero olimbana kuti aziphunzitsa zimenezi. Melbourne Storm ya Craig Bellamy, amene anayamba kuiphunzitsa mu 2003, ndiyo inkalozedwa chala kwambiri, ngakhale kuti ena onse anatengera. Kunabuka magwiridwe oopsa, kwina kokhwimitsa pakhosi, kwina kopotokola mkono kumbuyo, kwina kopanikiza mutu mpaka chibwano chigunde pachifuwa, ndipo akuluakulu ankati akaletsa kumodzi, kwina n'kutulukira. Ntchito yotereyi imafuna munthu wolemera amene sanatope, ndipo benchi inkamupereka.

Akuluakulu a NRL anayamba kubweza chingwe pang'onopang'ono. Mu 2001 anaika malire a kusintha ka 12 pa masewero amodzi, mu 2008 anatsitsa kufika pa 10, mu 2016 pa 8. N'zochititsa chidwi kuti chaka choyamba cha malirewo, mphoto ya Dally M ya wosewera bwino koposa inapita kwa Preston Campbell wa Cronulla, kamunthu kosakwana masentimita 170. Komabe kusintha ka 12 kunali kokwanirabe kuti ma prop azisewera m'zigawo zifupizifupi, ndipo matupi anapitiriza kukula. Pamene bungwe loyendetsa masewerowa ku Australia linkaletsa kuomba munthu ndi phewa popanda kumukumbatira, kuyambira mu 2013, chifukwa chachikulu chimene linapereka chinali chomwechi: pa zaka 10 zokha osewera anali atalemera ndi makilogalamu pafupifupi 4 aliyense, ndipo kuomba kumene kale kunkangodzidzimutsa munthu tsopano kukanatha kumulumaza. Ochemerera ambiri anadandaula, poti phewa la Sonny Bill Williams linali limodzi mwa zinthu zimene ankalipirira pakhomo. Ine ndimati lamulo limenelo linachedwa.

Ndisanachoke pa nyengo ya benchi ndiyenera kuichitira chilungamo, chifukwa benchi yomweyo inatumikiranso munthu wamng'ono koposa onse. Rob Burrow wa Leeds Rhinos anali wa masentimita 165, wosakwana makilogalamu 70, ndipo anatenga chikho cha Super League kasanu ndi katatu. Pa fainolo ya 2011 yolimbana ndi St Helens sanayambe nawo masewero. Analowa chigawo choyamba chili mkati, pamene amuna akuluakulu a pakati anali atayamba kupuma wefuwefu. Analandira mpira chapakatikati pa bwalo, n'kuona kampata pakati pa zimphona ziwiri. Mmodzi anatambasula mkono kuti amukole pachifuwa, koma Burrow anangowerama n'kudutsa kunsi kwa mkonowo, kutulukira kuseri kwa khoma, kumupotokola Paul Wellens amene anali womaliza kumbuyo, n'kukagoletsa pafupi ndi mitengo. Leeds inapambana 32 kwa 16, ndipo atolankhani onse oponya voti anasankha iye kukhala wosewera bwino wa tsikulo. Anamwalira pa 2 Juni 2024 ali ndi zaka 41, atadwala matenda opha mitsempha yoyendetsa thupi kuyambira 2019. Zimene anachita tsiku limenelo zikuonetsa kuti chida cha munthu wamng'ono ndi kutopa kwa wamkulu. Pamene palibe wotopa, wamng'ono alibe polowera.

Maganizo achiwiri anamangidwa pa mfundo imeneyo. Mu 2016, pamodzi ndi kutsitsa kasinthidwe kufika pa 8, NRL inaika wotchi yowerengera masekondi amene timu ingathe kuzengereza pokonza scrum kapena poyambitsanso mpira pansi pa mitengo yake, poti pamenepo ndi pomwe otopa ankabera mpweya. Koma nkhwangwa yeniyeni inagwa mu 2020. Ligi itaima chifukwa cha Covid-19 n'kudzayambiranso pa 28 Meyi, wapampando wa bungwe loyendetsa masewerowa ku Australia Peter V'landys anabwera ndi lamulo limene aliyense amangolitchula kuti six again, ndipo anabwezeretsa woimbira mmodzi m'bwalo m'malo mwa awiri. Super League nayo inatengera lamuloli itayambiranso mu Ogasiti chaka chomwecho.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa lamuloli ayenera kuona zimene zinkachitika kale. Wotchinga akachedwa dala kudzuka pa munthu, woimbira ankaliza wezulo. Mpira unkaima, wina ankaumenyera kunja, onse n'kuyenda pang'onopang'ono kupita pomwe watulukira. Timu yolakwayo inkataya mtunda, koma inkapeza mpweya, ndipo nthawi zambiri malonda amenewo ankaipindulira. Matimu ochenjera ankalakwa dala akapanikizidwa pafupi ndi mzere wawo. Pansi pa lamulo latsopano wezulo salira. Woimbira amangogwedeza mkono m'mwamba, belu limamveka pa zokuzira mawu, kuwerenga kumayambiranso pa ziro, mpira uli mkati moyenda. Taganizirani prop amene wabwerera mamita 10 kasanu, wagwetsa anthu awiri, akuyembekeza kuti mpira umenyedwa tsopano apume, kenako akumva belu. Kasanu ndi kamodzi kenanso. Pofika pakati pa ulendo wachiwiriwo manja ali m'chiuno, kukamwa kuli yasa, akubwerera chammbali m'malo mothamanga. Wotola mpira kumbuyo kwa wogwetsedwa, amene masiku ano amakhala munthu wamfupi wachangu wovala nambala 9, amakhala akumuyang'ana iyeyo basi. Akangoona kuti wachedwa ndi phazi limodzi, amatola mpira n'kudutsa pamapewa pake penipeni.

Mu 2021 anawonjezera kuti ngakhale kusabwerera mamita 10 kuzilangidwa mwa njira yomweyo, ndipo zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Timu ikangogwira mpira kawiri katatu motsatizana, inayo inkatheratu mphamvu, ndipo ikadzaupeza mpirawo inkakhala ilibe miyendo youthamangitsira. Zigoli zinkasiyana mochititsa manyazi sabata ndi sabata. Melbourne inapambana masewero 19 otsatizana. Ngakhale State of Origin, mpikisano wa New South Wales ndi Queensland umene umadziwika ndi kulimba kwake, masewero oyamba ku Townsville anathera 50 kwa 6. Mu 2022 akuluakulu anabwerera pang'ono: kulakwa kukachitikira timu imene ili mkati mwa mamita 40 a kumbali kwake, wezulo aziliranso, kuti nayo ipeze njira yotulukira m'khola.

Nanga matupi anachepa? Pang'ono, ndipo pamalo ena okha. Wovala nambala 13, amene m'nyengo ya benchi anali atasanduka prop wachitatu, anabwerera kukhala munthu wa manja ndi mpweya wautali. Cameron Murray wa South Sydney ndi Victor Radley wa Sydney Roosters si anthu oti ungawatembenukire pamsewu chifukwa cha kukula. Isaah Yeo, amene anali msana wa Penrith Panthers pamene inkatenga chikho zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2021 mpaka 2024, ndi wamtali koma wosanenepa, amasewera mphindi 80, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukoka otchinga awiri n'kupatsira mpira kumbuyo pa nthawi yake. Chimphona chamimba, chija chinkalowa kudzaswa n'kutuluka, chinasowa malo ndithu.

Koma chimphona chenicheni sichinachoke. Chinangophunzira kusatopa. Jason Taumalolo wa North Queensland Cowboys anali ataonetsa kale njira mu 2016, chaka choyamba cha kusintha ka 8, pamene anagawana mphoto ya Dally M ndi Cooper Cronk, ndipo chaka chotsatira timu yake inamumanga ndi mgwirizano wa zaka 10. Payne Haas ndiye anafikitsa nkhaniyi pachimake: masentimita 194, makilogalamu pafupifupi 120, koma kawirikawiri amapitirira mphindi 60 ali m'bwalo, pena n'kumaliza zonse 80, ndipo anali pakati penipeni pa Brisbane Broncos imene inatenga chikho mu 2025. Munthu wotere akamathamangira khoma mphindi 10 zomaliza, amakumana ndi anthu otopa pamene iye akadali ndi mphamvu. Lamulo limene linapangidwa kuti lichepetse mphamvu ya anthu akuluakulu linangokweza mtengo wa ochepa amene ali ndi zonse ziwiri, thupi ndi mapapo. Kumaphiko nako sikunabwerere kwa anthu opyapyala. Brian To'o wa Penrith ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake, koma ndi wodzadza, ndipo amalipidwa makamaka chifukwa chonyamula mpira kuchokera kumbuyo kwenikweni n'kukaomba khoma, kuti ma prop apeze kanthawi kobwerera.

Pa nkhani imeneyi pamatchulidwa kawirikawiri anthu a kuzilumba za Pacific, poti pafupifupi theka la osewera a NRL ali ndi magazi a ku Samoa, Tonga, Fiji, Cook Islands kapena a Amaori. N'zoona kuti asintha nkhope ya masewerowa. Tonga inagonjetsa New Zealand mu 2017 ndi Australia mu 2019, ndipo Samoa inafika pa fainolo ya chikho cha dziko lonse mu 2022. Koma sindigwirizana ndi amene amawaona ngati matupi chabe. Jarome Luai ndi Stephen Crichton anafikitsa Samoa kumeneko ndi nzeru ndi mapazi. Ndipo matimu akanapanda kukhala ndi malamulo opindulira kulemera, sakanapita m'masukulu a ku Auckland ndi kumadzulo kwa Sydney kukasaka mwana wamkulu koposa onse n'kusiya waluso koposa onse.

Poyerekeza nyengo ziwirizi ndi diso la woonera, ine ndili kumbali ya yachiwiri. Mpira umayenda, kulimbana kwa pansi kunachepa, ndipo munthu wamng'ono wachangu ali ndi khomo limene silidalira kuti mphunzitsi amusunge pa benchi mpaka nthawi yabwino. Chimene chimandivuta pa six again ndi chakuti chilango chake n'chachikulu koma chosaoneka. Wezulo akalira aliyense amadziwa kuti walakwa ndani ndipo walakwa chiyani. Belu likalira mpira umakhala wapita kale, woonera sadziwa chachitika, ndipo woimbira sakhala ndi nthawi yofotokoza. Mphamvu yotembenuza masewero inaikidwa m'dzanja la munthu mmodzi popanda poti n'kumufunsira. Nyengo ya benchi inali yotopetsa kuonera, koma zolakwa zake zinali poyera.

Pa nkhani ya mutu m'pamene sikelo imakana kupendekera mbali imodzi, ndipo m'pamene mtima wanga uli. Okonda kuchepetsa kasinthidwe amati anthu otopa saombana mwamphamvu, choncho kuvulala kumachepa. Otsutsa amati wotopa ndiye amaika mutu pamalo olakwika, kutsogolo kwa bondo kapena kwa chiuno, kapena amangotambasula mkono mwaulesi n'kukola mnzake pakhosi. Onse awiri akunena zoona. Ofufuza za kuvulala mu NRL apeza kuti amene ubongo wake umagwedezeka kawirikawiri ndi wogwetsayo, osati wonyamula mpira. Mu Meyi 2021, pa sabata imene masewero onse anachitikira ku Brisbane, oimbira analamulidwa kutulutsa aliyense wokhudza mutu wa mnzake, ndipo anthu anatulutsidwa mochuluka moti masewero ena anasokonekera. Osewera ambiri anafunsa funso limene silinayankhidwe bwino mpaka lero: mwatitopetsa dala, ndiye mukutilanga chifukwa cha zolakwa za munthu wotopa?

Mayina a ovulala sasankha nyengo. Steve Folkes, amene anasewera zaka za m'ma 1980 pa mamita 5, atamwalira mu 2018 anapezeka ndi CTE, matenda a ubongo obwera chifukwa cha kuombedwa mutu mobwerezabwereza. Paul Green, wosewera wamfupi wa zaka za m'ma 1990 amene anadzatsogolera Cowboys ku chikho chake choyamba mu 2015, anapezeka ndi matenda omwewo atamwalira mu 2022. Stevie Ward, kaputeni wa Leeds, anasiya mpira mu Januwale 2021 ali ndi zaka 27, ndipo Boyd Cordner, kaputeni wa Roosters, New South Wales ndi Australia, anasiya mu Juni chaka chomwecho ali ndi zaka 29, onse chifukwa cha mutu. NRL inayankha ndi malamulo ena: wokayikiridwa amatulutsidwa kukapimidwa ndi dokotala popanda timu kutaya mwayi wake wosintha, mu 2021 analola wosewera wa 18 wolowa pakavulala ambiri, ndipo kuyambira 2023 wopezeka kuti ubongo wagwedezeka amakhala masiku 11 osasewera. Malamulo amenewa ndi oyenera, koma amasamalira munthu atavulala kale.

Chimene nyengo zonse ziwiri zinasiya osakhudza ndi mamita 10 aja. Mphamvu ya kuombana imachokera ku kulemera ndi liwiro, ndipo liwiro limafuna mtunda. Nyengo ya benchi inawonjezera kulemera. Nyengo ya six again inawonjezera kuchuluka kwa maulendo amene anthu amaombana pa mphindi iliyonse. Mtunda wokolezera liwirowo unakhalabe momwemo kuyambira 1993. Ndikumvetsa chifukwa chake palibe wofuna kuukhudza: kubwerera ku mamita 5 ndi matupi a lero kungatseke bwalo, masewero n'kusanduka kukankhana kosatha, ndipo a wailesi yakanema amene amalipira zonse sangavomere. Koma ndiye tivomereze kuti kusewera ndi nambala ya olowa m'malo, 12, 10 kapena 8, kumasintha mtundu wa chimphona chimene timu imagula, osati kukula kwa nkhonya imene mutu umalandira.

Kumene ndikuona kusintha kwenikweni ndi kwa ana. Ku Auckland ndi ku Sydney kuli mipikisano ina imene imagawa ana potengera kulemera kwawo osati zaka zokha, chifukwa mwana wa zaka 13 wolemera makilogalamu 45 akamaombedwa Loweruka lililonse ndi mnzake wolemera kawiri kuposa iye, amasiya mpira asanaphunzire chilichonse, ndipo wamkuluyo naye saphunzira kupatsira poti kungothamanga kumamukwanira. Ku England bungwe la RFL linatsitsa malire a pogwira munthu m'matimu a m'madera ndi a achinyamata mu 2024, kuchoka pa mapewa kufika kunsi kwa nkhwapa. Lamulo limeneli limakakamiza wamtali kupinda mawondo ndi chiuno asanagwire, chinthu chimene zaka 20 za kugwirana kumtunda zinali zitachotsa m'masewerowa. Limatsegulanso manja a wonyamula mpira kuti athe kupatsira ali mkati mogwidwa, monga ankachitira Beetson. Ana amene akuphunzira kugwetsa motero lero adzayamba kulowa m'matimu a Super League zaka za m'ma 2030, ndipo aphunzitsi amene adzawalandire adzayenera kusankha pakati pa kuwaphunzitsanso kugwira kumtunda ndi kusintha kaseweredwe ka timu yonse.